Bedi la a Sajeni Ndau

Linali Lachisanu, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa, pamene a Sajeni Ndau anatisiya. Ine ndinali pa msika, pamalo anga, ndikugulitsa zitumbuwa. Mayi wina wa kumpingo kwawo anafika pa tiyirumu ya a NaSibeko n'kuwanong'oneza, ndipo a NaSibeko anazimitsa wailesi. Msika wathu ndi waung'ono, wailesi imeneyo ikazima aliyense amatukula mutu. A Filipo okonza njinga anaika sipanala pansi n'kuvula chipewa.

Zimene ndinayamba kuganiza ndimachita nazo manyazi, koma ndizinena. Sindinaganize za maliro. Maso anga anapita pa khonde la golosale pamene pamaima ambulansi yathu ya njinga, ndipo ndinaganiza za mlamu wanga Agnesi amene ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Kuchokera kuno kukafika ku chipatala cha ku Sharpevale ndi ulendo wa maola awiri wapansi. Amene ankaonetsetsa kuti ambulansiyo ikuyenda anali a Sajeni. Nanga tsopano?

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo kuyankhula pagulu sindimatha. Pamaliro anayankhula ena. Zanga ndalemba apa.

A Sajeni sanali a kuchigwa kuno. Kwawo kunali ku Tsangano, kumapiri, ndipo kuno anabwera kudzakwatira. Anakhala nafe zaka zambiri koma kutentha kwa Bwanje sanakuzolowere. Katatu konse anadzala kachewere kuseri kwa nyumba, katatu konse anapserera, ndipo iwo ankati dothi la kuno n'lopanda mwambo. Anali aafupi, a chifuwa chachikulu. Jombo zawo ankazipukuta m'mawa uliwonse ngakhale kuti zikangotuluka pakhomo zinkalowa m'fumbi kapena m'matope. Tiyi ankamwa chiimire. Wotchi ankaivala yoyang'ana mkati mwa mkono, ndipo ukachedwa sankakufunsa chifukwa, ankangotembenuza mkono kuti uione wekha.

Za usilikali sankafotokoza. Tinkangodziwa kuti analonderako njanji ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ya kumeneko. Akazi awo, agogo NaPhiri, ndi amene anandiuza tsiku lina tikupeta mpunga kuti kumeneko anaberekapo mnzawo wovulala tsiku lonse, n'kufika naye atazizira kale. Mwina n'chifukwa chake ankakonda kunena kuti chimene chimapha anthu ambiri si matenda koma mtunda.

Atapuma ntchito anapeza anzawo awiri opuma usilikali m'midzi yathu ino: a Kopolo Zuze, aatali, ovutika bondo, ndi a Mbewe amene pano anapita kukakhala kwa ana awo ku Lilongwe. Atatuwa anayamba kunyamula odwala ndi amayi apakati pa machira a nsungwi, osalipiritsa aliyense. Kenako a Sajeni anatulutsa bedi lawo lachitsulo m'nyumba, analidula miyendo, n'kuliika matayala awiri ndi chitsulo chokolekera kumbuyo kwa njinga yawo. Agogo NaPhiri sanawakhululukire. Mpaka chaka chino ankauzabe alendo kuti anakwatiwa ndi mwamuna wa bedi koma akukalambira pa mphasa.

Aliyense amene wafika pa msika wathu zaka zinayi zapitazi amadziwa perete wa Lolemba. Ikangokwana 7 koloko, a Sajeni ankaliza wenzulo katatu, n'kuyamba kukankha ambulansi kuchokera kumapeto kuno kwa msika mpaka kumapeto uko. Ankaima pakhomo pa aliyense amene anali ndi gawo lake. Matayala, masipoko ndi mabuleki anali a a Filipo. Zitsulo za bedi zinali za owotcherera. Gilizi ankachokera ku chigayo, matiresi kwa telala. Akabaza anayi ankasinthana kupalasa, aliyense sabata yake, ndipo amene wabwerera ku chipatala ankapeza tiyi ndi sikono zikumudikira kwa a NaSibeko.

Sankapempha ngati munthu wosowa. Ankangoima pakhomo n'kuitana mwini gawo.

"A Filipo, miyendo yanu iyi."

A Filipo ankadina tayala ndi chala chachikulu. "Ili bwino, bwana Sajeni."

"Dinani linalo. Alipo awiri."

"Mwayamba kundiphunzitsa kuwerenga, madala?"

"Kuwerenga munalephera kale. Ndikukuphunzitsani kudina."

Gawo langa linali bulangete. Ambulansi ikabwerako ndinkalitenga kukachapa, ndipo Lolemba linkayenera kukhala pa matiresi lili lopinda bwino. Sabata ina mvula inagwa Lamlungu lonse, ndiye ndinabwera nalo lachinyezi. A Sajeni analigwira, analinunkhiza, n'kukuwa msika wonse ukumva: "Make Tafika, mwana wanuyu munamufunditsa chonyowa kodi?" Ndinakalira kuseri kwa chigayo. M'mawa mwake anafika pamalo anga, anasankha zitumbuwa ziwiri zopserera zimene aliyense ankazisiya, anadya chiimire, n'kunena kuti ku Tsangano kulibe zokoma chotero. Kupepesa kwawo kunali kumeneko. Ndi pakamwa anapepesapo kamodzi kokha, ndipo ndifikapo.

Mkangano wawo wautali unali ndi a Chimbalanga, eni ake golosale yaikulu. A Chimbalanga ndi munthu wopatsa, koma amafuna anthu adziwe kuti wapereka ndani. Anabwera ndi envelopu, nati a Sajeni akagule chilichonse chofunika, bola dzina la golosale lilembedwe m'mbali mwa bedi. A Sajeni anaika manja kumbuyo.

"Envelopu ine sindigwira. Mawa mudzamva kuti asilikali adya."

"Ndiye mukufuna chiyani kwa ine?"

"Khonde lanu. Ndi la malata, silidontha, ndipo lili pakati pa msika."

"Khonde basi? Ine ndimati ndikuthandizeni zenizeni."

"Mukugulitsa khonde inu? Ayi. Ndiye perekani limenelo, likungokhala."

A Chimbalanga anavomera monyinyirika, koma anafuna kuika tcheni ndi loko. Apo mpamene zinavuta. A Sajeni anati matenda sadikira mwini kiyi abwereko kokapikula katundu ku Balaka. Anakhala mwezi wathunthu osapatsana moni, a Sajeni akukagula sopo kwina. Anagonja ndi a Chimbalanga. Loko sanaike, dzina silinalembedwe, koma ndinkawaona m'mawa uliwonse akusesa okha pansi pa ambulansi, osatuma wantchito. Mmene ankakanira envelopu ndi mmene anakaniranso anthu a chipani china amene anafuna kuipenta mtundu wawo nthawi ya kampeni, ndiponso aliyense wofuna kubwereka kuti anyamulire matumba a mpunga.

Koma kugawana ntchito kumeneku sikunayambe ndi nzeru. Kunayamba ndi kulakwa kwawo, ndipo amene anagona pa bedi tsiku limenelo ndinali ine.

Poyamba asilikali atatu aja sankafuna munthu wamba agwire ambulansi yawo. Ankati anthu wamba amachedwa, amalankhula zambiri, ndipo amamanga zinthu ndi mphira. Chilichonse ankakonza okha pansi pa mtengo wa mango kwa a Sajeni. Tsiku lina akudutsa pa msika, a Filipo anawaimitsa n'kuwauza kuti limu ya tayala lakumanzere yatha, yachita dzimbiri mkati, abwere nayo aisinthe ulere. A Sajeni anawayankha kuti munthu amene anamasulapo mfuti ndi kuimanganso maso ali otseka sangauzidwe za njinga ndi munthu wonunkha kachasu. Zoti a Filipo amamwa n'zoona. Koma anawanena pagulu, ndipo zinawapweteka. A Sajeni anakamanga okha masipoko, anawakoka mpaka kulira ngati waya wa gitala, n'kunena kuti tsopano lalimba.

Patapita milungu iwiri, mu February, matenda anga anayamba mwezi usanakwane. Inali mimba yanga yoyamba. Ndinali ndisanapite kukadikirira ku chipatala chifukwa masiku anali asanafike, ndipo bambo ake Tafika anali kumunda ku sikimu ya mpunga. Apongozi anathamangira kwa a Sajeni. Mvula inali itagwa m'mawa, dzuwa linali pamutu, nthaka ikutulutsa nthunzi. Anafika onse atatu, anandigoneka pa bedi, a Mbewe n'kuyamba kupalasa, enawo akukankha kumbuyo, apongozi akutsatira ndi beseni pamutu.

Tinadutsa msika. Titafika pa dambo, pamene njira imadutsa pakati pa minda ya mpunga, tayala linalowa m'dzenje la matope. Ndinamva kuthethetsa, bedi n'kupendekera mbali imodzi. Limu inali itapindika, masipoko ali balala. Anayesa kunyamula bedi lonse pa mapewa, koma anangoyenda pang'ono bondo la a Kopolo linakana, n'kugwada m'matope. Anandiika pansi. Apongozi anayang'ana pansi pa chitenje changa, n'kuona magazi, ndipo anayamba kupemphera mokweza.

Ndikukumbukira nkhope ya a Sajeni. Anayang'ana tayala, anayang'ana ine, anatembenuza mkono kuona wotchi. Kenako anati, "Mwanawe, usagone. Ndikubwera." Ndipo munthu wamkulu uja anathamanga kubwerera ku msika, jombo zikumwaza matope.

Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera a NaSibeko. Akuti a Sajeni anafika ali wefuwefu, anaima patsogolo pa a Filipo, anavula chipewa, chimene sankavulira munthu kupatula m'tchalitchi, n'kunena anthu onse akumva: "A Filipo, munanena zoona, ine ndinalakwa. Mwana wa eni ali pa dambo. Ndithandizeni."

A Filipo anagubuduza njinga yawo yomwe, n'kumasula tayala lakutsogolo, analikoleka paphewa, sipanala m'thumba, n'kukwera kumbuyo kwa kabaza. A NaSibeko anasiya ketulo pamoto n'kutola zitenje. A Chimbalanga anakanganula lona amene amafunditsira matumba a mchere. Ine ndinangoona anthu akubwera m'njira ya m'dambo, amayi akunditchinga ndi zitenje, lona akundiphimba dzuwa, ndi mawu a a Filipo pansi pa bedi akuti, "Tukulani pang'ono, inu asilikali, kutukula kokha mumatha." Wakabaza anakoleka bedi ku njinga yake, ndipo tinauluka.

Tafika anabadwa titangolowa m'chipatala, wamng'ono ngati botolo, koma akulira. Anamwino anathana nawo magazi aja. Madzulo ake dzuwa lisanalowe, apongozi anandiuza kuti panja pali munthu. Ndinasuzumira pa zenera. Anali a Sajeni, anabwera wapansi ulendo wonse, matope mpaka m'mawondo, tayala lopindika lili m'manja. Sanalowe. Anangofunsa ngati tafika bwino, ndipo apongozi anati tafika. Dzina la mwana linachokera pamenepo.

Lolemba lotsatira a Sajeni anaitanitsa amalonda onse pa khonde la golosale. Ine ndinali ndisanatuluke chikuta, koma nkhaniyo inadziwika ndi aliyense. Akuti anaimika ambulansi pakati n'kunena kuti kwawo ku Tsangano ng'ombe ikaphedwa sadya munthu mmodzi, uyu amatenga mwendo, uyu nthiti, uyu chiwindi, ndipo aliyense amadziwa gawo lake. Ndiye anayamba kuloza. Miyendo, a Filipo. Nthiti, owotcherera. Khungu, atelala. Sanapemphe munthu chinthu chimene sachigwira tsiku ndi tsiku pa ntchito yake. Asilikali anatsala ndi kusunga nthawi, kudziwa midzi imene muli amayi apakati ndi odwala, ndi kuperekeza ulendo uliwonse. Tayala lopindika lija analikhomera pa chipupa cha khonde, pamwamba pa benchi limene ankakhalapo, kuti aliyense aziliona, makamaka iwo eni.

Nditayambanso malonda ndinkafuna kuthokoza koma mawu sankatuluka. Masiku atatu ndinkafika pafupi ndi benchi n'kubwerera. Tsiku lachinayi anandiitana.

"Make Tafika, mukuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Mukufuna gawo?"

"Ine ndilibe kanthu, agogo. Ndimangogulitsa zitumbuwa."

"Zitumbuwa mumakazinga ndi manja a eni? Madzi mumatunga, sopo mumagwira. Bulangete ndi lanu."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkawerengedwa pamodzi ndi a Chimbalanga ndi eni chigayo. Pa perete ankaima pa beseni langa mofanana ndi mmene ankaimira pa golosale.

Asanatisiye, a Sajeni anadwala milungu itatu. Ku chipatala anapita kawiri, koma pa bedi lawo anakana kugona. Anakwera kabaza wamba atagwirira kumbuyo, akuti ambulansi ikhale pamalo pake chifukwa m'mudzi mwathu muli Agnesi ndi amayi ena awiri. Lolemba lomaliza analephera kudzuka. Anatuma agogo NaPhiri kuti akaone ngati a Filipo adina matayala onse awiri. Anamwalirira pa mphasa ija.

Tinawaika Lamlungu masana. Abale awo anatsika kuchokera ku Tsangano, ndipo mapemphero atatha amuna anavina ngoma atanyamula zishango, akuimba nyimbo za Chingoni zimene ife a kuchigwa sitimva mawu ake. A Kopolo Zuze anaimirira ndi ndodo n'kuchita sawatcha pamanda. Ena anafuna kuti bokosi lipite kumanda pa ambulansi, kuti awalemekeze. Agogo NaPhiri anakana. Anati mwini wake ananena kuti bedilo ndi la amoyo.

Pobwerera kumanda ndinkayenda kumbuyo kwa azibambo, ndikumva zimene ankakamba. Wina anati basi zathera pomwepa, a Mbewe ali ku Lilongwe, a Kopolo sangayende ngakhale kufika pa mjigo. Wina anati pakufunika komiti, aitanitse msonkhano mpunga ukakololedwa. A Chimbalanga anati khonde lilipobe, koma iwo sangamayende khomo ndi khomo kuuza anzawo zochita, angawanene kuti akudzikweza. Agnesi anali pambali panga, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Mpunga ukamadzakololedwa iye adzakhala atachira kale, kapena ayi.

Ndinadzera pa msika dzuwa likupendeka. Lamlungu pamakhala zii. Ambulansi inali pamalo pake, tayala lakumanzere likuoneka lofewa, fumbi la masiku atatu lili pa chishalo. Benchi linali pomwepo. Mbali imene a Sajeni ankakhala ndi yosalala, yakuda ndi thukuta, ndipo pansi pake simenti inakumbika pang'ono pamene ankagogoda ndi chidendene podikira ochedwa. Kansanza kopukutira jombo kanali kotsekereza pa mng'alu wa khoma. Pamwamba, tayala lopindika. Pa handulo ya njinga panali polendewera wenzulo, agogo NaPhiri anali atadzaukolekapo osauza munthu. Ndinaima nthawi yaitali. Palibe anandiitana.

M'mawa mwake ndinadzuka mbandakucha, ndinakazinga zitumbuwa n'kusiyira Agnesi beseni. Ndinabereka Tafika ngakhale kuti wakula, ndinatenga bulangete louma bwino, n'kupita pa khonde. A Chimbalanga anali akusesa. Anandiyang'ana ndikupukuta chishalo ndi nsonga ya chitenje. Wenzulo ndinaugwira, ndinaufikitsa pafupi ndi pakamwa, n'kuubweza. Si wanga, ndipo msika wonse ukanandiyang'ana.

Ndinakankha ambulansi kupita kwa a Kopolo Zuze. Ndinawapeza pakhomo, mwendo atautambasula.

"Make Tafika, wadwala ndani?"

"Palibe, agogo. Lero ndi Lolemba."

Anagwira bondo lawo. "Bondo ili silingafike ku msika, mwanawe."

"Bedi lilipo."

"Limeneli ndi la odwala."

"Inu muli bwino?"

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapukuta m'maso. Analowa m'nyumba n'kutuluka atavala chipewa chawo chausilikali. Anakhala pa matiresi, msana uli chilili, ndodo ili pamiyendo. Ndinawapatsa wenzulo. Anali olemera kuposa mmene amaonekera, ndipo tinafika pa msika itadutsa 7 koloko. A Sajeni akanatembenuza mkono.

A Kopolo analiza wenzulo katatu. A NaSibeko anatuluka ndi ketulo m'manja. Owotcherera anatukula magalasi awo pamphumi. Ine ndinkangoyang'ana pansi, ndikukankha, mpaka tinaima pamalo pa a Filipo. A Kopolo anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"A Filipo, miyendo yanu iyi."

A Filipo anadzuka pang'onopang'ono. Anadina tayala lakumanja. Anazungulira, osauzidwa, n'kudina lakumanzere.

"Ili lachepa mpweya," anatero, akutambasulira dzanja ku pampu. "A Kopolo, tatsikani kaye, mukulemera."